Anali kambuzi

Lachinayi, Sepitembala 1996

Lero mtima ukundiwawabe.

Ndikuthirira tsabola kudimba m'mawa, kunabwera alamu anga, aphunzitsi a sayansi, atatenga lezala ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Akuti mtundu wa tsabola umadziwika ndi m'kati mwa muzu, osati masamba. Ndinati, "Alamu, ameneyu ndi kambuzi, ndinafesa ndekha." Anangoseka.

Nditatsikira kumtsinje kukatunga madzi, anazula mitengo isanu, yamaluwa kale, imene ndaisenzera ndowa kuyambira Juni. Ndinawapeza ataduladula mizu, akusuzumira pakagalasi kawo.

"Mumanena zoona, alamu, ndi kambuzidi!"

Ndinati, "Iyayi, anali kambuzi."

Tsopano amuna anga akuti ndikapepese, ati ndawayankha mwamwano achimwene awo. Ndipepese ine? Ndidzapepesa akadzailumikiza mizuyo.