Mudzi umene amagona Happiness

Solwezi
12 Novembala 2024

Okondedwa akulu anga aRhoda,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi miyendo ya amai yaleka kutupa? Nanga mvula yayamba kumeneko? Kuno ndili bwino, kungoti utsi wa makala kumalo odyera kumene ndimaphika wandipatsa kachifuwa.

Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi pa foni singatuluke pakamwa. Mukukumbukira mmene ndinadzitamira kuti za malo a Happiness mu Giredi 1 mundisiyire ine amake, ndimaliza ndi foni ndili konkuno. Ndinagula kale yunifomu ya buluu, yonga imene tinkavala ife kwa Kalindawalo ku Petauke, n'kuionetsa anzanga onse kuntchito.

Lolemba ndinaimbira ahedi a sukulu yathu yakale ija. Paja kumudzi keyala ya munthu ndi sukulu, ndipo makalata anga onse ndakhala ndikudzeretsa pa sukulu imeneyo. Choncho m'mutu mwanga mwanayo anali wa pomwepo. Ahedi anandimvetsera mofatsa, kenako anandiuza kuti banja lanu la aDaka linasamuka kalekale, makalata anga amangowasungira alamu aMorgan akabwera kudzaona abale awo. Anati kwa Mwape kumene muliko si Petauke ayi, ndi boma la Nyimba, ndifunse kumeneko.

Zoti munasamuka munandiuza, sindikukana. Koma mutanena kuti mwatsata minda yatsopano, ine ndinayesa ndi kutsidya kwa dambo chabe. Pa foni ndimangothamangira kufunsa ngati katundu wafika. Safunsa uja anadya phula ndi ine amene.

Ndinapeza nambala ya ofesi ya maphunziro ku Nyimba. Anayankha mayi wina waulemu, wofuna kundithandiza ndi mtima wonse. Atafunsa dzina la mudzi, ndinati kwa Mwape. Anaseka pang'ono, nati kwa Mwape ndi dera lonse la mfumu, masukulu alimo angapo. Anafunsa ngati muli tsidya lino la mtsinje kapena linalo, chifukwa mvula ikagwa mwana wamng'ono sangaoloke. Anafunsa tchalitchi chapafupi, chigayo, ngakhale dzina la mneba mmodzi. Zonsezi ine osazidziwa, anzanga akusenda anyezi pambali panga makutu ali tcheru.

Kenako anati, "Nanga imwe amai, mwana uyu ni ndani wanu?"

Akulu anga, ndinayankha kuti ndine amake aang'ono, ndangotumidwa. Mwana wobereka ndekha, inu mutandigwira dzanja m'chipatala muja, ndinamukana kwa munthu wosamudziwa pofuna kubisa nkhope yanga. Mayiyo anati palibe kanthu, ndiwauze amake enieni apite okha msanga, popeza masiku ano sukulu ndi yaulere ndipo malo sachedwa kutha. Ndinathokoza, ndinadula foni, n'kupita kuseri kwa khitchini kukalira. Ndili ndi manyazi moti kufikira pano sindinauze munthu aliyense, ndinu oyamba.

Pempho langa ndi limodzi. Musandidikire. Mukangolandira kalatayi, mutenge Happiness mupite naye kusukulu imene ana a m'mudzi mwanu amapita, mukamulembetse malo asanathe. Akataya chaka chifukwa cha matama anga, ndidzayang'ana bwanji nkhope yake? Mukakwera pachulu paja pamene foni imagwira netiweki mundiuze dzina la mudzi, la sukulu ndi mtundu wa yunifomu. Ya buluuyi ndikamunyengerera telala kuti andisinthire.

Kalatayi ndapatsira aWhiteson, a kwathu aja oyendetsa thiraki, amene akuti amakumana ndi alamu pa Kacholola alamuwo akamagulitsa nshawa. Pa envulopu ndalemba dzina lanu lokha, chifukwa china cholemba pansi pake ndilibe.

Ndapempha tchuthi cha Khirisimasi ndipo abwana avomera. Mudzandiuze potsikira, kaya ndi pa Kacholola kaya pa Nyimba, alamu adzandichingamire ndi njinga. Ndikufuna ndidzayende ndi mapazi anga njira imene mwanayo aziyenda m'mawa uliwonse, ndidzauone ndi mtsinjewo.

Mundiperekere moni kwa amai, kwa alamu, kwa amalume aEustace ndi ana onse. Happiness za foniyo musamuuze. Mungomuuza kuti amene akubwera pa Khirisimasi ndi amake.

Ndine mng'ono wanu,
Charity