Mabatani a Kumanzere

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha pa Boma: madigiri 41. Magetsi anazima m'mawa, abwera madzulo.

Pochokera ku ofesi ndinapeza mwana wanga Immaculate ali kuseri kwa khitchini ndi azakhali ake, mlongo wanga Juliana. Sanandimve ndikulowa. Zimene ndinamva ndi izi: kagulu kena kolemba mabuku a ana m'Chisena ndi m'Chimang'anja kakufuna wojambula zithunzi. Aona zojambula zake za papepala ndipo azikonda, koma akufuna chithunzi chimodzi choyesera, chojambulidwa pa makina, chiwafike Lachisanu pa 18. Chikawakhutiritsa, ntchito ndi yake. Wakhala akuyesa ndi chala pa foni, mizere ikutuluka yonenepa ngati nyongolotsi. Akuti chofunika ndi tabuleti yojambulira.

Juliana anati, "Awuze ababa ako." Iye anati, "Ayi azakhali, angonditsegulira fayilo." Anaseka onse awiri.

Zaka 26 ndasunga mafayilo a ofesi popanda kutaya pepala ngakhale limodzi, ndipo m'nyumba mwanga momwe chimenechi chasanduka nthabwala. Mwana wa zaka 23, chimwalirireni amayi ake amandiyankha mawu awiri okha: inde ndi ayi. Sindinadye bwino.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndatsegula fayilo.

Ndinafunsa a Duncan, amene amakonza makompyuta ku ofesi kwathu. Anandifotokozera mitundu itatu, ine ndikulemba.

Woyamba ndi chinthu chakuda, chosalala ngati sileti ya sukulu, chopanda galasi. Munthu amajambula pamenepo ndi peni yake, koma chithunzi chimaoneka pa foni kapena pa kompyuta imene walumikizako ndi chingwe. Dzanja lili pansi, maso ali kwina. Akuti masiku oyamba zimasokoneza, kenaka thupi limazolowera.

Wachiwiri uli ndi galasi, umaona mzere pansi pa peni pomwepo. Koma umafuna laputopu, imene tilibe, ndiponso magetsi osazima, amene Chikwawa yonse ilibe. A Duncan anawonjeza kuti umatentha pamanja. "Mu Okutobala muno, bwana, angawotcherepo mbatata."

Wachitatu ndi kompyuta payokha. Umenewo ndaufufuta, si wa woyamba kumene.

Chigamulo: mtundu woyamba. Ulumikizike ku foni yake. Peni ikhale yosafuna batire. Ikhale yomva kulemera kwa dzanja, kuti ukakanikiza mzere unenepe, ukapepuza uwonde, monga pensulo yeniyeni. Nsonga zina zosinthira zikhalepo, popeza kuno kulibe kozigula. Kukula kwake kwapakati.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndayeza pobowoka polowera chingwe pa foni yake iye ali kosamba, ndajambula maonekedwe ake m'fayilo. Sindinayambe ndagwirapo chinthu cha mwini mobisa. Sizinandikomere.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndauza Juliana, ndamulumbiritsa kuti asanene. Anayang'ana fayilo, natsegula masamba onse anayi, nati, "Achimwene, zonsezi mwalemba bwino. Nanga mwini wake mwamufunsa?"

Ndinati mphatso safunsa. Ndiponso palibe chimene mwanayo angandiuze chimene a Duncan sananene.

"Pali zina a Duncan sazidziwa," anatero. Nditamufunsa kuti ziti, anayamba kukamba za mtengo wa nsomba ku Nchalo. Juliana ndi wotero kuyambira ali mwana, amaponya mwala n'kubisa dzanja.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndinakwera minibasi yoyamba. Pa phiri inawira kawiri, tinatsika kuyembekeza kuti izizire. Blantyre ndinafika 10 koloko.

Sitolo imene a Duncan anandilozera ndi kachipinda ka m'mwamba. Mwini wake ndi bambo wandevu, dzina lake Smart, wolankhula mofulumira. Ataona fayilo anaimirira ngati walowa woyendera misonkho. Ndinamuwerengera mfundo zanga imodzi imodzi. Anatulutsa matabuleti awiri okwaniritsa zonse. Ina ili ndi mabatani asanu ndi limodzi m'mphepete mwa kumanzere, othandiza kufufuta, kubweza mzere wolakwika ndi kukulitsa chithunzi. Inayo ilibe batani ndi limodzi lomwe, ndi sileti chabe.

Ndinasankha ya mabatani, popeza chida chokhala ndi zambiri chimaposa chokhala ndi zochepa.

Asanakulunge anafunsa, "Madala, mwanayo amagwiritsa dzanja liti?"

Ndinamuyang'ana. Ndinati mwana wanga analeredwa bwino, amalemba ndi lamanja monga munthu aliyense waulemu.

"Pepani madala, ndimafunsa aliyense. Iyi pa kompyuta imatembenuzika, koma pa foni ayi. Wamanzere ingamuzunze."

Ndinati funsolo silikutikhudza. Risiti ndaiika m'fayilo, tsamba lachisanu.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndinamupatsa titabwera ku Misa. Anagwada, nalandira ndi manja awiri. Ataona chithunzi cha pa bokosi nkhope yake inawala, ndinaona Estere, malemu amayi ake, ali mtsikana. "Takhuta, ababa," anathokoza m'Chisena cha kwa amayi ake, chimene sanandilankhule kwa zaka zitatu.

Atatsegula anayang'ana mabataniwo nthawi yaitali. Kuwala kuja kunachepa. Ndinaganiza kuti akuwerenga zizindikiro zake.

Ndinamuuza kuti ayese ndili pomwepo. Analumikiza, zinagwira. Anatenga peni, nayamba kujambula bwato ndi msodzi. Mizere inkanjenjemera ngati ya wodwala malungo. Bwato linaoneka ngati khasu lothyoka. Uyu ndi mwana amene zithunzi zake za makala anthu amaima nazo pa msika. Thukuta linali kugwera pa tabuleti. Anati ndi kusazolowera, nalowa nayo kuchipinda kwake, natseka.

Juliana mbale anazitsuka mwaphokoso.

Kwatsala masiku asanu.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndinalemba kalata yodandaula kwa Smart, ndime zitatu, yonena kuti wandigulitsa chida cholakwika. Ndisanaitumize ndinatenga tabuleti ku ofesi kuti a Duncan achitire umboni. Iwo sadziwa kujambula ngakhale nkhuku, koma mizere yawo inatuluka yowongoka bwinobwino. "Makinawa alibe mlandu, bwana."

Ngati makina alibe mlandu, ndiye kuti wolakwa ndi wojambula. Ndinamuuza Immaculate madzulo kuti akusowa khama, ndipo ndinamulembera ndondomeko: mizere yowongoka 50, zozungulira 50, m'mawa ndi masana. Anati, "Inde, ababa."

Tabwereranso ku inde ndi ayi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Amayi, ofesi yotseka. Ndinanyamuka m'mawa kukalambula pa manda a Estere, ndinanena kuti ndibwera madzulo. Dzuwa linandigonjetsa, ndinabwerera 11 koloko.

Ndinadzera kuseri. Zenera la chipinda chake linali lotsegula chifukwa cha kutentha. Ndilemba zimene ndinaona mwa dongosolo lake.

Anakhala pa mphasa, foni atayitsamiritsa pa chitini. Peni inali m'dzanja lamanzere. Dzanjalo linkayenda ngati mbalame yodziwa njira yake. Pa foni panali msodzi wa mu Shire ataimirira m'bwato, minofu ya mkono ikuoneka, mwana wake akukoka ukonde. Sindinaonepo chinthu chokongola chotere chikutuluka m'nyumba mwanga. Kenaka chikhatho chake chinagunda mabatani aja, amene ali pomwe dzanja lamanzere limatsamira. Mkono wa msodzi unafufutika. Anaujambulanso. Anagundanso, chithunzi chinakula mpaka kutsala diso lokha. Anatembenuza tabuleti kuti mabatani apite kumanja, ndiye mzere wopita m'mwamba unayamba kupita pansi. Anayesa kujambula dzanja lili m'malere, osatsamira, mpaka linatopa. Sanalire. Anangoika peni pansi n'kuyang'ana khoma.

Ndinaponda tsamba louma. Pomwe ankatembenuka, peni inali kale m'dzanja lamanja. Liwiro limenelo si la tsiku limodzi. Ndi la zaka.

Ndinapita kwa Juliana, amene anali kusankha nyemba pakhonde. Ndinafunsa kuti zinayamba liti.

"Kuyamba? Zinasiya liti?" anatero. "Kulemba amalemba ndi lamanja, kudya ndi lamanja, kupereka moni ndi lamanja, zonse zimene munalamula. Koma kujambula simunalamule, chifukwa simunakhalepo pansi kumuona akujambula. Alamu anga ankamutsekera chitseko n'kukhala pakhomo ngati mlonda. Mukamveka pa njinga, iwo ankatsokomola."

Ndinati bwanji sanandiuze Lachinayi.

"Inu mumauzidwa, achimwene? Inu mumalemberedwa kalata."

Ndinatsegula bokosi la mabuku anga akale. Buku la 2007, chaka chimene anayamba Sitandade 1. Pa 22 Januwale ndinalemba kuti mwana akugwira choko ndi dzanja la kuchimbudzi, ndipo anthu adzati sitinamulange. Pa 29 ndinalemba kuti ndayamba kumumanga dzanjalo m'chiuno ndi mpango wa amayi ake, ola limodzi tsiku lililonse, monga anachitira bambo anga ndi mng'ono wanga Lorenso. Pali mzere wa tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Pena ndinalemba, "Walira." Pena, "Walira pang'ono." Pa 3 Meyi: "Vuto la dzanja latha." Ndinalemba mzere pansi pake ndi rula.

Zolemba zanga zonse ndimazikhulupirira chifukwa ndimalemba zimene ndaona. Apa ndinalemba zimene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anafuna kuti ndione.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndinapempha tsiku limodzi ku ofesi, koyamba kuchokera pa maliro a Estere. Pa fomu, pa mzere wa chifukwa, ndinakhala nthawi. Ndinalemba kuti nkhani ya m'banja.

Tabuleti ndinaitenga pa tebulo iye ali ku mjigo. Bokosi, timapulasitiki take, kawaya komangira chingwe, zonse ndinazisunga Lamulungu. Mwina ndi phindu lokhalo la khalidwe langa sabata ino.

Smart atandiona anati, "Madala a fayilo! Mwabwera kudzandimanga?"

Kalata yodandaula ija inali m'thumba. Sindinaitulutse. Ndinati ndinayankha molakwika funso lake la Loweruka.

"Funso liti?"

Ankadziwa. Ankafuna ndinene ndekha, ndipo m'sitolo munali anthu ena awiri. Ndinati mwana wanga ndi wamanzere. Mawuwo sindinawatchulepo chibadwire chake. Anatuluka mokweza kuposa momwe ndinafunira.

Smart sanaseke. Anakweza dzanja lake lamanzere, nandionetsa chala chapakati chokhota. "Aphunzitsi a Sitandade 2, ndi rula ya thabwa. Mpaka lero ndimalemba ngati nkhuku yapalasa." Anayang'ana bokosi mbali zonse, natulutsa ija yopanda mabatani. "Iyi ilibe tsankho, madala. Koma nthawi ino mukamufunse mwini wake."

Minibasi yobwerera inachedwa kudzaza. Ndinafika dzuwa litapendeka. Immaculate sanatuluke kudzandilonjera. Juliana akuti atapeza tabuleti palibe, anaganiza kuti ndamulanda chifukwa cha zimene ndinaona pa zenera. Analembera kale anthu a mabuku aja uthenga wowapepesa kuti sakwanitsa, koma netiweki inali itagwa, uthengawo sunapite. Juliana wamubisira foni mu dengu la nyemba.

Ndinaima pa chitseko chake ndi bokosi. Sindinadziwe poyambira. Ndinabwerera.

Lachinayi, 17 Okutobala

Madigiri 40. Magetsi alipo.

Ndisanapite ku ntchito ndinamuitana pakhonde. Anabwera, nagwada patali, maso pansi. Pa tebulo ndinaika bokosi latsopano, foni yake, ndi buku la 2007 lotsegula pa 3 Meyi.

Lamulo la mafayilo ndi lakuti cholakwika sichifufutidwa kapena kung'ambidwa. Umadula ndi mzere umodzi kuti chiwerengekebe, n'kulemba choona pambali, n'kusaina, mboni ilipo. Ndinamuuza kuti ndikufuna mboni. Ndinadula mawu aja iye akuona. Pambali ndinalemba: "Panalibe vuto. Ndinamuzunza mwana." Ndinasaina, ndinaika tsiku. Ndinamukankhira bukulo.

Anawerenga. Anatembenuza masamba kubwerera m'mbuyo, Epulo, Malichi, mpaka Januwale, osadumpha ndi limodzi lomwe. Ine ndinaimirira ngati wozengedwa mlandu. Atatha anati, "Mpangowo unali wobiriwira. Simunalembe."

Ndinati ndilemba. Anati, "Musalembe."

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinapemphe. Ndinafunsa ngati tabuleti iyi ili yomuyenera, ndi kuti ngati si yomuyenera anene, ndikweranso phiri mawa m'mawa. Anaitulutsa, anaisisita m'mphepete monse kufuna mabatani, sanawapeze. Analumikiza.

Peni ndinaiika pa tebulo pakati penipeni. Anatambasula dzanja lamanja, monga mwa chizolowezi, lisanafike linaima. Anandiyang'ana. Juliana anasiya kusesa.

Anaitenga ndi lamanzere.

Anati msodzi uja sakumufunanso, nkhope yake sinkatuluka bwino, ndipo kwatsala tsiku limodzi lokha, alibe nthawi yofunafuna munthu wina woti azimuonera nkhope pojambula. Ndinati ndachedwa ku ofesi. Inali 7:20.

"Khalani apo, ababa. Yang'anani ku mtsinje. Chibwano m'mwamba pang'ono. Ayi, osakwinya nkhope."

Ndinati nkhope yanga ndi yomweyi.

"Ndiye khalani chete. Musagwedezeke mpaka ndinene."

Ndinakhala.