Asilikali a ku Armenia Alowa M'chigayo

Lolemba, 10 Novembala

Atsala asilikali asanu ndi atatu. A Derek akuti tikalimbikira timaliza mawa. "Tikalimbikira," ngati burashi tikugwira awiri.

Pepala la ku ofesi limati ndiziwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kucheza nawo. Kuchezako ndi kumeneku: kupenta tiasilikali tachitsulo tosafika ndi chala chomwe, ankhondo a ku Armenia a zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Ine Twambilile wa ku Karonga, ndi MSCE yanga, ndili ku Tipton, ku England, kukangana ndi mkulu wa zaka 79 za mtundu wa nsalu ya pa hatchi.

Onse alipo 48. Khumi ndi awiri oyamba, kuphatikizapo mfumu ndi wonyamula mbendera ya mkango wofiira, anapenta okha manja asanayambe kunjenjemera. Enawo manja ndi anga, pakamwa ndi pawo.

Loweruka asilikaliwa akukamenyana ndi gulu la a Abdul, mnzawo wa a Derek, ku kalabu ya ku Nuneaton. Awiriwa akhala akuphana pa tebulo ndi madayisi zaka makumi atatu. Chitulukireni m'chipatala mu Marichi, a Derek sanadutsepo pa geti.

Lachiwiri, 11 Novembala

Tamaliza. Anayang'ana womaliza ndi galasi lokuzira zinthu nthawi yaitali, kenako "Bostin, Twambi." Kuno akatero ndiye kuti wakhoza. Kwatsala kupopera vanishi kuti penti isamakalike.

Kate, mwana wawo, waimba. Chifuwa cha bambo ake, chifuwa cha bambo ake. Pasakhale fungo lililonse m'nyumba. Ndamva, mayi.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndalakwitsa.

A Derek atagona masana ndinatenga chitini cha vanishi. Nditangoyesa pang'ono, fungo lake ngati mankhwala a udzudzu. Ndinakumbuka Kate. Ndinanyamula thireyi yonse kupita nayo ku shedi, uko kufupi ndi ngalande, chitseko pululu, kunja kuli kankhungu. Ndinapopera bwinobwino, mbali zonse, n'kuwasiya aume. Chinthu chonyowa timayanika panja. Kodi si mmene tinakulira?

Patatha ola ndakawapeza atuwa mbuu! Onse 48. Ngati anthu otuluka m'chigayo. Mahatchi, zishango, ndevu za mfumu. Mkango wofiira uja ukuoneka ngati mphaka wodwala.

Ndapukuta ndi chala. Ndayesa madzi ofunda. Ayi ndithu.

A Derek atadzuka anafunsa, "Anyamata anga ali kuti?" Ndati akuuma. Si bodza kwenikweni.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndawerenga chitini. Pansi penipeni, tizilembo tonga nyerere: osapopera kukamazizira kapena kukakhala chinyezi. Ku Tipton mu Novembala! Ndiye amapopera liti?

Ndinamuonetsa chithunzi Martha, mnzanga wa ku ntchito, m'basi popita ku shifiti. Waseka mpaka dalaivala kucheuka. "Achemwali, auzeni kuti kunagwa sinowo ku nkhondoko." Ataona nkhope yanga anati tipentenso awiri. Martha amene ngakhale zikhadabo zake zimamukanika.

Anga 36 aja ndikhoza kubwereza, kaya mpaka Khirisimasi. Koma khumi ndi awiri aja? Dzanja limene linalemba maso a mfumu ija lero likulephera ndi supuni yomwe. Ndikawapentanso ndiye kuti si awonso.

Choipa n'chakuti munthuyo akusangalala. Anditumiza kukatulutsa jekete yawo ya tayi. Ayenda ndi ndodo mpaka pa geti kawiri, osauzidwa, pomwe wa fiziyo, wowaphunzitsa kuyendanso, wakhala akuwanyengerera miyezi isanu. A Abdul aimba foni, mawu pa sipika: "Derek, ubwere ndi bokosi lalikulu, mitembo ichuluka." A Derek: "Iwe ungokumbukira magalasi, chaka chatha unaukira nkhalango." Aseka mpaka kutsokomola.

A Derek afunsanso za anyamata awo. Ndati vanishi ya masiku ano imachedwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ili ndiye bodza.



Lachisanu, 14 Novembala

Ndinadikira amwe tiyi ndi mankhwala, kuti ngati n'kukomoka akomoke atadya. Ndinaika thireyi pa tebulo n'kuchotsa thaulo. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anathawa. Ndinangoti, "Ndinaopa chifuwa chanu."

Anatola mfumu. Inkagwedezeka m'dzanja mwawo ngati ili pa hatchi yeniyeni. Wotchi ya pakhoma ndinaimva koyamba chiyambireni ntchito m'nyumba muno.

"Ku shedi?"

"Eya."

"Chitseko chotsegula?"

"Eya."

"Unandinamiza masiku awiri, Twambi."



Kenako anati iwonso zinawachitikira mu 1987, gulu lonse linatuwa, ndipo mkazi wawo sanaleke kuwaseka mpaka tsiku lomwalira. Ananditumiza m'dirowa yachiwiri, kabotolo ka vanishi yonyezimira, yopaka ndi burashi. Nthawi zina imabweza mtundu, nthawi zina ayi.

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge mfumu. Anakana.

"Awa ndi anga. Iwe ugwire apa."

Ndinawagwira pamkono ndi manja awiri. Burashi inaphonya kawiri, kachitatu inakhudza mkanjo wa mfumu. Pamene inadutsa panatuluka kamzere kofiira, konyowa.

Atsala 47. Akuti ndisiye kulemba.