Laputopu ya mwana wanga ndinapatsa asewere

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekera panjira, choncho akundilembera ndi a Chester, aphunzitsi ochokera ku Dedza. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, asakometse.

Mwana wanga wamkazi, Linily, ndi munthu wophunzira chomene. Amagwira ntchito ku bungwe lina loona za madzi. Ali ndi tizipangizo tonga tochi timene amatsitsa m'mijigo ndi chingwe. Timakhala pansipo miyezi, tikulemba tokha ngati madzi akukwera kapena akutsika. Akatitulutsa amatilumikiza ku laputopu yake, mbwenu zonse zimene taona pansipo zimatuluka pagalasi. Kuno ku Champhira kulibe mwana wina amene amachita zimenezi, ndipo ndimanena poyera ngakhale kutchalitchi.

Koma laputopuyo inkandichititsa manyazi. Inali yokalamba, yomanga ndi tepi pakona, ikayaka imalira ngati chigayo. Ndinauza mchimwene wake wa Linily amene ali ku Joni kuti atumize ina. Inabwera pa basi, yopyapyala ngati mbale, yonyezimira.

Sabata yomweyo, Linily ali kumsonkhano ku Mzuzu, kunabwera a Zgambo a ku Manyamula, asewere anga, bambo a mkazi wa mwana wanga Wilfred. Anaona yakale ija pa tebulo n'kuiyamikira. Ine pamaso pa anthu ndinainyamula n'kuwapatsa, ndinati, "Tengani asewere, pakhomo pano zakale sitisunga." Anati yewo mpaka kuvula chipewa. Patapita masiku anatumiza mbuzi. Mbuziyo tinadya.

Linily atabwera anafunsa laputopu yake. Ndinamulozera yatsopano ija ndikumwetulira. Anakhala pansi, kenako anati, "Adada, mwandipha."

Akuti yatsopanoyi ilibe bowo lolowetsa chingwe cha tizipangizo tija. Anagula kachipangizo kolumikizira ku Mzimba boma, chingwe chinalowa, koma laputopu ikulemba kuti chinthu chimenechi sikuchidziwa. Akutinso pulogalamu yowerengera inali mu yakale ija, ndipo mu yatsopanoyi ikukana kukhala. Ine ndinamuuza kuti aiwuze bwinobwino kuti yachokera ku Joni, isamachite zachimidzi. Sanaseke.

Tsopano abwana ake akufuna malipoti a mijigo mvula isanayambe, ndipo ntchito yake ndi ya kontirakiti. Akutinso tizipangizoto tikadzaza timayamba kufufuta zakale. Mwanayu akufuna ndipite ku Manyamula ndikaitenge. Aphungu, ine ndine mkulu wa mpingo. Kwathu kuno mphatso ya asewere sabweza, makamaka mbuzi itadyedwa. Ndamvanso kuti a Zgambo anaiyala nsalu yoluka pamwamba, ndipo Lamlungu lililonse mudzi wonse umasonkhana kudzaonerapo ingoma ndi makwaya. Ndikalowa bwanji pakhomo pamenepo?

Pali mnyamata wokonza mafoni pamsika amene akuti akhoza kufulasha tizipangizoto kuti timvere laputopu yatsopano. Ndimulole? Kapena mundiuze mankhwala ena oti zinthu ziwirizi zimvane popanda ine kukwera njinga.

G.N., Champhira

Bambo G.N.,

Njinga mukwera. Koma tiyambe ndi wokonza mafoniyo: asakhudze. Kufulasha ndi kufufuta, ndipo zimene tizipangizoto talemba miyezi yonseyi zidzapita osabwerera. Tikhale m'thumba la Linily mpaka titawerengedwa.

Laputopu ya ku Joni siyonyada ayi. Kuti kompyuta izindikire chipangizo pamafunika kapulogalamu kakang'ono kotchedwa dalayiva, ndipo kamene kanali mu yakale ija kanapangidwira makompyuta a nthawi imeneyo. Linily alembere kampani imene inapanga tizipangizoto, kapena afunse a makompyuta ku bungwe lake, atchule nambala ya chipangizo ndi mtundu wa laputopu yatsopano. Nthawi zambiri amakhala ndi dalayiva ndi pulogalamu yatsopano. Afunsenso kolumikizira kamene iwo amavomereza, chifukwa tina ta pamsika timalowa bwino pabowo koma osanyamula uthenga. Abwana ake awauze lero lomwe, asadikire tsiku la malipoti.

Zimenezi zikhoza kutenga masabata, ndipo mvula siidikira yankho la kampani. Ndiye apa pali inu. Palibe amene akuti mukalande mphatso. Pitani ku Manyamula ndi Linily ndi tizipangizo take, mutanyamula shuga. Mukawauze asewere kuti makina amene munawapatsa aja ndi amphamvu kwambiri moti ngakhale a ku Joni alephera ntchito yake, ndiye mwabwera kudzapempha kuti mwana agwirirepo ntchito masana amodzi pakhomo pawo pomwepo. Limeneli si bodza. A Zgambo adzakula mutu, mwina adzaitana mudzi kuti udzaonere. Linily akakopere malipoti onse ndi pulogalamu yomwe, asunge malo awiri. Ngati kampani itayankha kuti tizipangizoto sitingagwire pa laputopu yatsopano, pamenepo mudzakambirane zosinthana. Sindikuona a Zgambo akukana yonyezimirayo.

Chenjezo langa ndi ili: imbani foni ku Manyamula musanagone, muwapemphe kuti aliyense asafufute kanthu. Laputopu yoonerapo makwaya imadzaza msanga, ndipo pamudzi sipasowa katswiri wofuna kuchotsa "zopanda ntchito" kuti alowetse mafilimu.

Musananyamuke, mupepese Linily. Munapereka khasu la mwini osafunsa. Manyazi anu adzatha pofika pa mphambano ya ku Manyamula, koma kontirakiti ikaduka, mudzanyadira ndani kutchalitchi?

Aphungu