Apongozi anagawa mbewu ya kafukufuku

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri. Ndimakhala pachikamwini kumunsi kwa phiri la Michesi, ntchito ndimagwira pa Migowi. Ndakulemberani chifukwa nkhani yangayi kunyumba akuiseka, pomwe ku ofesi sindinayerekeze n'komwe kuitchula.

Ndimagwira ntchito pa kafukufuku wa mbewu yatsopano ya nandolo wocha msanga. Pulojekitiyi ili ndi eniake atatu: a kuyunivesite amene anapanga mbewuyo, bungwe lomwe linandilemba ntchito, ndi makalabu a alimi. Ine ndimazungulira ndi tabuleti, kulowetsamo zimene alimi abzala ndi zimene akolola, n'kuzitumiza mu kompyuta momwe onse atatuwo amaziona. Nyengo ikatha ndimalemba lipoti loonetsa ngati mbewuyo yasintha kanthu pakhomo pa mlimi.

Poyambirira alimi anagawidwa pawiri pochita maere. Gulu loyamba linalandira mbewu yatsopano. Lachiwiri linapemphedwa kuti lipitirize ndi nandolo wamakolo kuti tidzayerekeze, ndipo linalonjezedwa kuti lidzalandira yake kafukufuku akatha. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Lenia, anagwera m'gulu loyamba. Ang'ono awo awiri ndi azimayi anzawo a kutchalitchi anagwera m'gulu lachiwiri.

Chaka choyamba zinayenda bwinobwino, kusiyana kunaoneka. Koma chaka chino nditamaliza kuyeza zokolola pa sikelo, manambala a magulu awiriwa anatuluka ofanana ngati mapasa. Ndinaganiza kuti tabuleti yazungulira mutu. Ndinaizimitsa, kuiyatsa, kuwerengeranso, koma ayi ndithu. Ndiye ndinapalasa njinga kukafunsa a Wahabu, mlimi wa m'gulu lachiwiri yemwe timacheza naye. Iwo anangoseka: "Mukudabwa chiyani inu? Si apongozi anu omwe anatipatsa? Kapu imodziimodzi, mudzi wonse. Ine mpaka ndinapatsako mlamu wanga ku Jenala."

Aphungu, sindikanatha kuwafunsa ndekha apongoziwo. Kwathu kuno mkamwini sayang'anana maso ndi apongozi aakazi, tikakumana panjira wina amapatuka. Ndiye ndinatuma Lenia kuti akawafunse mwaulemu. Yankho lake linali lakuti: "Kawauze akamwiniwo kuti ine sindingamathyole nandolo mng'ono wanga akuonerera pamalire. Makina awowo alibe m'bale, ine ndili nawo abale." Lenia atamaliza kundiuza anayamba kuseka mpaka misozi. Ine sindinaseke.

Panopa abwana anga, a Fraser, akufuna lipoti msonkhano wa mabungwe onse usanafike. Ndikangolemba manambala momwe alili, lipoti linena kuti mbewuyo ilibe phindu, lomwe ndi bodza, ndipo a kuyunivesite akhoza kuitaya. Ndikafotokoza chifukwa chake, afunsa kuti anagawa ndani, kenako aziti mkamwini ndiye anakonza zonsezi kuti abale a mkazi wake apindule. Mnzanga wina wa kuntchito akuti ndingotsitsako manambala a gulu lachiwiri, palibe angadziwe. Ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Ndikuopanso kuti dzina la apongozi likamveka pamsonkhano, ndidzapeza katundu wanga ali panja. Chonde ndithandizeni.

S.M., Migowi


Bambo S.M.,

Pepani, nanenso ndaseka ngati akazi anuwo. Mabungwe atatu athunthu munakhala pansi n'kugwirizana kuti mupatse mayi mbewu yabwino, kenako mumuuze kuti mng'ono wake wa bere limodzi asamupatseko. Mutatero munabwerera ku ofesi mitima ili m'malo! Enawo ndingawakhululukire, mwina ndi alendo. Koma inu mumagona pakhomo pomwepo. Nyengo yonse mwakhala mukudutsa m'minda imeneyo, nandolo akucha msanga kumanja ndi kumanzere, inu maso ali pa tabuleti, n'kumangodina "wamakolo".

Basi, kuseka kwatha, chifukwa mantha anu ndi enieni ndipo ndawamva.

Mnzanu wotsitsa manambalayo mumuthokoze, nzeru zakezo mumusiyire yekha. Kompyuta imene mabungwe atatu akuiyang'ana nthawi zambiri imasunga amene wasintha kanthu ndi tsiku lake. Ngakhale ikanapanda kusunga, a Wahabu alipo, ndipo mwaona nokha kuti sachedwa kuyankha akafunsidwa. Panopa mlandu wanu ndi wakuti munachedwa kuona. Mukakhudza manambala, mlandu udzakhala wakuti munanamiza kafukufuku, ndipo pa umenewo ndi pomwe anthu amachotsedwera ntchito.

Pitani kwa a Fraser sabata ino, lipoti lisanalembedwe. Auzeni kuti mbewu yatsopano yafika m'gulu lachiwiri kudzera mwa achibale. Akafunsa kumene inayambira, musazungulire: nenani nokha kuti ndi pakhomo pomwe munakwatira, ndipo inu mwadziwa zitachitika kale. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana n'kuti akamve pamsika pa Migowi, nkhani itathiridwa kale mchere.

Musapite chimanjamanja, tengani maganizo. Pemphani kuti mu tabuletimo muwonjezedwe funso lomwe linasowa: mbewu imene mwabzalayi munaitenga kwa yani? Mubwerere kwa mlimi aliyense, ulendo uno mulowe m'nkhokwe ndi maso anu, musangofunsa muli panjinga. Mukafike ndi ku Jenala komwe. Mukatero lipoti lanu linena zoona zake: kuti chaka choyamba kusiyana kunaoneka, kuti chaka chino kuyerekeza sikunatheke, ndiponso kuti mbewuyo yayenda yokha mpaka midzi imene galimoto ya pulojekiti sinapondeko. Izitu nazonso n'zotsatira za kafukufuku. Palibe munthu amanyamula mbewu yachabechabe kukapatsa mlamu wake.

Ndisakunamizeni, a kuyunivesite adandaula, ndipo ali ndi chifukwa, ntchito yawo ya chaka chathunthu yapindika. Mwina mudzadzudzulidwa pamaso pa anthu. Pirirani. Akadzapsa mtima n'kuzizira, muwauze modzichepetsa kuti ulendo wina magulu awiriwa adzawatenge m'midzi yotalikirana, osati kudula pakati pa mbumba imodzi. Zimenezi inu mukuzidziwa kuposa onse pamsonkhanopo, kungoti munkachita ulemu wosafunika.

Kunyumba nkhaniyi itsekeni. Musatumenso Lenia ndi mauthenga, mkazi wanu si foni. Apongozi anu sanabe kanthu ndipo sanagulitse. Anachita zimene akhala akuchita ndi mbewu iliyonse kuyambira inu musanabadwe, ndipo palibe uthenga wa mkamwini umene ungawasinthe. Mukapitiriza kufunsa, mudzangoputa mkwiyo wa mbumba yonse popanda chopindula.

Chenjezo langa ndi ili. Zimene muuze a Fraser muofesi, chitseko chili chotseka, n'zina, zimene zilembedwe mu lipoti n'zinanso. Muwapemphe kuti mulipotimo musatchulidwe mlimi aliyense, mungolembedwa kuti mbewu inafalikira pakati pa achibale, zomwe ndi zoona. Lipoti limayenda, limawerengedwa pamsonkhano, ndipo atsogoleri a makalabu amabwera nazo nkhani kumudzi tsiku lomwelo. A kuyunivesite adzawerenga dzina la apongozi anu n'kuliiwala asanafike pagalimoto. Inu mudzakalamba pakhomo pamenepo.

Aphungu