Jekete la Bambo a Perpetua

Kabwata, Lusaka
3 Ogasiti 1986

Okondedwa alongo anga a Killian,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji ku Katete, ndipo mwendo uja ukukulolani kupita kudimba? Ife tilipo, koma nyumba yatikulira chimwalirire bambo a Perpetua.

Mphuno zanga sizinatsegukebe. Zinatseka sabata ya maliro, anthu n'kumati ndi kulira. Tsopano mutu umalemera pamphumi ndi m'masaya, makamaka ndikawerama, ndipo fungo sindikumva lililonse. Dzana nyemba zinapserera ndili pambali pa mbaula. Anachita kudzandiuza ndi ba Mukuka a khomo loyandikana nafe.

Kuchipatala mankhwala kulibe. Mwana wanga Perpetua anayenda masitolo anayi mu Cairo Road osapeza kanthu, mpaka mayi wina wa ku Kabulonga, amene Perpetua amamusokera madiresi, anamupatsa botolo la mavitamini. Adokotala anandiuza mosabisa kuti amenewa amangolimbitsa thupi, satsegula mphuno. Ndikumwabe, limodzi m'mawa uliwonse, madzulo n'kufukiza nthunzi ya bulugamu. Munali mapiritsi makumi asanu ndi limodzi, atsala khumi ndi anayi.

Tsopano pempho langa. Alamu anga a Matthew atumiza mawu kuti abwera kumapeto kwa mwezi uno kudzagawa zovala za malemu. Mwambo sindikuukana. Ndachapa zonse, ndasita, ndapinda, kupatula jekete lakuda limene ankavala popita kufakitale. Limenelo sindinaliviike m'madzi. Perpetua akuti likumvekabe fodya wa bambo ake ndi mafuta a makina, koma akuti fungolo layamba kuchepa. Ine ndimaliika kumphuno, zii, ngati ndagwira nsalu ya m'sitolo. Ndalikulunga m'pulasitiki.

Chonde pitani kwa a Matthew mukawapemphe ngati mwamuna mnzawo kuti jeketelo alisiye kaye. Ine sindingathe kuwauza chifukwa chake, angati nkhalamba yasokonezeka mutu. Muwatsimikizire kuti sindikuwamana. Mphuno zikadzangotseguka ndidzalinunkhiza kamodzi, kenaka ndidzalichapa n'kulikweza ndekha basi ya kumudzi.

Akakana musakangane nawo. Mungondidziwitsa msanga, ndidziwe masiku amene ndatsala nalo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga akazi anu, azakhali a ku Sinda, ana ndi adzukulu onse. Perpetua akupereka moni kwa amalume ake.

Tsalani bwino mwa Ambuye.

Ine mlongo wanu,
Winifred Sakala