Njinga ya Josephat pa Chikweza cha ku Vubwi

Okondedwa alongo anga a Nelia,

Muli bwanji ku Katete kumeneko? Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno ku Lusaka ndilipo, kungoti fumbi landipatsa chifuwa, ndipo magetsi akungozimazima. Ntchito yanga yokonza njinga ikuyenda ndithu.

Koma mtima wanga suli m'malo, alongo. Sabata yatha kunabwera azungu awiri, aja ongoyendayenda pa njinga kuona mapiri. Anachokera ku Malawi, nadzera ku Vubwi. Ndikuwakonzera mabuleki, mmodzi anayamba kundionetsa zithunzi pa foni, akuti malo athu ndi okongola koma zikweza zake n'zopha munthu. Ndinaseka, ndinati ife timakwera pomwepo ndi matumba a mtedza. Kenaka anatsegula chithunzi china, kuseka konse kunathera pomwepo.

Munthu akukankha njinga pachikweza, watembenukira kuphiri, nkhope siikuoneka. Koma njingayo ndi ya mng'ono wathu Josephat. Kaliyala yake ndinawotcherera ndine, ndi chitsulo cha khasu lakale la atate, ndipo inapendekera kumanzere. Ntchito ya manja anga sindingaisokoneze ayi. Nalonso phewa la munthuyo ndi logwa mbali imodzi, monga linalili lake chigwereni mumtengo wa mango uja.

Ndinawafunsa ngati analankhula naye. Akuti anam'patsa moni, iye osayankha, osacheuka n'komwe. Akuti ndi pachikweza chachitali musanalowe m'boma la Vubwi, pamene azimayi ena amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.

Mayo ine! Chichokereni azunguwo, aliyense wokankha njinga mumsewu ndimathamangira kukamuona kumaso. Dzana ndinagwira mkono bambo wina wa makala, mpaka ananditukwana.

Mukukumbukira kuti Josephat atapita ku Mozambique dzinja lija, tinangotola chipewa chake m'mbali mwa mtsinje. Mtembo sitinauone, njinganso sitinaione. Akuluakulu anati maliro sakhala poyera, tinaika thunthu la nthochi m'bokosi, n'kulira, n'kumeta.

Tsono ndamva kuti mwezi wamawa mukukasudzula mlamu wathu Flora, mkazi wa Josephat, kuti akwatiwenso. Sindikumuletsa, mwana wa eni wavutika mokwanira. Koma pempho langa ndi limodzi: imitsani kaye mwambowo, ndipo amuna anu a Rabson apite ku Vubwi akafunse azimayi a nthochi aja. Chithunzicho azungu aja anandipatsa, ndipo ndatumiza pa foni ya a Rabson. Amayi ndi Flora musawauze kanthu, ndapota nanu. Kulira mwana mmodzi kawiri amayi sangakuthe.

Akakapeza kuti ndi munthu wina, amufunse mwaulemu kumene anaitenga njingayo, mwina tidziwe pomwe mbale wathu anagona. Akakapeza kuti ndi iye, asamukalipire, asamufunse zambiri. Angomugwirira njingayo, akankhire limodzi mpaka pamwamba.

Mwina munena kuti Amos wazungulira mutu ndi tauni. Nenani, palibe kanthu. Koma bokosi lija ndinanyamula nawo paphewa langa, ndipo tonse tikudziwa chimene tinakwirira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Rabson, kwa amalume ku Sinda ndi kwa ana onse. Flora mum'patse moni wamba, monga mwa masiku onse.

Ndine mlongo wanu wosowa tulo,
Amos